Kwathu Sitinena Kuti Ndapita

Bambo Haradhan ankawolotsa anthu pabwato pamtsinje wa Huguli, kwathu ku Chandannagar, kumunsi kwa nyumba zakale zomwe Afalansa anasiya. Anali munthu wolongolola, koma sindidzawaiwala.

Tsiku lomwe ndinkasamukira kutali kukayamba ntchito, anandiwolotsa ndi katundu wanga yense. Nditatsika ndinati, "Amalume, ndapita."

"Iwe, sukulu yakuzunguza mutu eti?" anandikalipira. "Kuno wotsanzika amati 'ndikubwera'. Wopita ndi womwalira yekha. Tabwereza!"

Ndinabwereza anthu akundiseka.

Mawu amenewo sanandipatse mtendere zaka zonse ndili kuchilendo, mpaka ndinabwereradi, ndipo mayi anga ndinawapeza akadali moyo. Ndinathamangira kudoko kuti ndikawathokoze amalume aja, koma bwato lawo linkapalasidwa ndi wina. Iwo anali atapita.