Uthenga umene ndinatuma kwa amalume

Ine ndine munthu wosakhazikika. Ndikakhala m'galimoto ndimagwedeza mwendo, mpaka amalume ankati ndiwathera mpando. Amalumewa ndi achimwene awo a mayi anga, ndipo ndi amene ananditengera kuno ku Indiana. Kamodzi pamwezi ankabwera ku South Bend ku mapemphero a Amalawi, n'kunditenga kuti ndikacheze kwawo ku Beech Grove, kufupi ndi Indianapolis. Ndi ulendo wa maola awiri ndi theka, msewu wowongoka, minda ya chimanga uku ndi uku.

Amalume ndi nesi. Akazi awo, amene ndimawatcha anti, nawonso ndi nesi. Pa mapemphero paja ukafunsa amene akulowa shifiti mawa, manja amakwera pafupifupi onse. Ine ndekha ndinali wosokera. Ndinkagwira ntchito mu labu ya payunivesite, kulumikiza timawaya ta makamera oika pa matelesikopu. Amalume ankaitcha ganyu wa nyenyezi. Komatu kufunsa ankakonda.

"Ndiye ukuti kuwala kumene timaona kunanyamuka kalekale?"

"Eya amalume. Kwina kunanyamuka agogo asanabadwe."

"Basi kuli ngati makalata a kumudzi," anatero, akuseka. "Nanga munthu akapita kumwezi BP yake imatani? Amachekedwa ndi ndani kumeneko?"

Tinkacheza choncho mpaka kufika. Ndinkawauza za maloboti oyenda pa Mars, za chifukwa chake makamera athu timawaziziritsa kuposa filiji. Iwo ankanditsutsa mwadala kuti ndipse mtima, ine n'kupsadi mtima. Maulendo amenewo ndinkawakonda kuposa mapemphero enieniwo, Mulungu andikhululukire.

Chisanu chili pakati, pulofesa wa labu yathu anandiitana. Anati pali malo oti ndichite maphunziro a kafukufuku, zaka zisanu, ngati ndikufuna. Ndinkafuna mpaka kulephera kudya. Koma mwezi womwewo, tikudutsa Kokomo, amalume anatsitsa wailesi.

"Iwe, chaka chino uapulaye nesing'i ku Indianapolis. Uzidzakhala kwathu. Ganyu wako ndi wabwino, koma munthu amafunika ntchito yoti kulikonse amulemba."

Ndinangoyang'ana minda. Kwathu mwana sakana malume wake pamaso. Ukakhala ndi mawu olemera umatuma munthu woti akawafewetse, wamkulu asachite manyazi pokanidwa ndi mwana. Mayi anga anandilera choncho, ndipo ndinkadzitama kuti Amereka sanandichotse khalidwe. Choncho ndinaimbira anti foni, n'kuwafotokozera zonse.

"Usadandaule mwanawe," anatero anti. "Ndiwapeza pa nthawi yabwino."

Nthawi yabwino tonse timaidziwa. Ndi pamene munthu wadya, wavula nsapato, palibe kumene akuthamangira.

Mwezi wotsatira amalume anabwera ali osangalala kwambiri. Njira yonse anangofunsa za kadamsana amene ankayembekezeka mu Epulo. Za nesing'i sanatchule. Ine mumtima ndinati uthenga wafika, ndipo akulu akavomera sachita kulengeza. Lolemba lake ndinasaina mapepala a pulofesa. Komabe mtima sunakhale pansi. Kawiri ndinatenga foni kuti ndiwafunse anti, kawiri ndinaibweza m'thumba, poopa kuoneka ngati ndikuwakakamiza.

Tsiku la kadamsana, ku South Bend dzuwa silinkayembekezeka kuphimbika lonse, koma ku Indianapolis linkayembekezeka kutero. Ndinatenga magalasi apadera odzaza katoni kupita nawo ku Beech Grove. Amalume anaitana mabanja angapo a kutchalitchi, tinayala mipando kuseri kwa nyumba, nyama ya mbuzi yogula ku Lafayette Road ili pamoto. Ine sindinakhale pansi. Ndinkazungulira kuonetsetsa kuti palibe amene akuyang'ana dzuwa ndi maso okha.

"Watiuza kuti mdima ugwa nthawi yanji?" anafunsa amalume.

"Itangopitirira 3 koloko ndi mphindi zisanu ndi imodzi."

Anakweza dzanja n'kuyang'ana wotchi yawo yowerengera kugunda kwa mtima wa odwala. "Tiona ngati asayansi simunama."

Kuwala kunayamba kufooka, mphepo inazizira, mbalame zinasokonezeka. Pa mphindi yomwe ndinanena, mdima unagwa. Mayi wina anayamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi motsitsa mawu. Ine misozi inangotsika. Patapita mphindi pafupifupi zinayi dzuwa linasuzumiranso, ndipo amalume anaimirira, nkhope ikuwala ndi kunyada.

"Mwamuona mwana wa mlongo wanga? Mutu umenewu tikuutengera ku nesing'i mu Ogasiti. Chipinda chake ndapenta kale ku besimenti, kunsi kwa nyumbayi."

Anthu anaomba m'manja. Ndinayang'ana anti. Anti anayang'ana mbale imene anagwira.

Ndinawatsatira kukhitchini. "Anti, simunawauze?"

"Mwanawe, ndikanawauza liti? Ine ndikamalowa m'nyumba iwo akutuluka. Miyezi yonseyi ndakhala ndikugwira dabulo, mashifiti awiri motsatizana. Timakumana pakhomo, wina makiyi m'manja. Nkhani ngati imeneyi ungainene pakhomo?"

Ndinafuna kuwakwiyira, koma sanalakwe. Anasunga mwambo bwinobwino. Kungoti mwambowo umafuna anthu okhala pansi, ndipo m'nyumba ya manesi awiri palibe amene amakhala pansi.

Alendo atapita, amalume ananditengera ku besimenti kukandionetsa. Makoma anali obiriwira, fungo la penti lisanathe. Anaikamo tebulo lowerengera ndi nyale. Ndinanenera pomwepo, nditaimirira, popanda wofewetsa.

"Amalume, sindibwera. Ndinasaina kale za kafukufuku. Ndinatuma anti kuti akuuzeni."

Anayang'ana khoma, kenako anati, "Tenga chikwama chako, ndikakusiye."

Tsiku limenelo aliyense amene anabwera kudzaona kadamsana ankabwerera nthawi imodzi. Msewu unadzaza, galimoto zikungokwawa. Wailesi inali yozimitsa. Mwendo wanga unkagwedera kuposa kale, koma sanandinene za mpando. Ndinkalakalaka atandikalipira. Ndinkakonza mawu m'mutu, ofotokoza kuti kafukufuku nayenso ndi ntchito. Tinadutsa Kokomo osalankhulana.

Anayamba ndi iwo, maso ali pamsewu.

"Za nesing'izo si kanthu. Anthu aja ndiwauza, aseka, aiwala. Chipinda chija tiikamo masutikesi. Koma mwezi uliwonse tili awiri m'galimoto muno. Wandiuza za Mars. Wandiuza za filiji yako. Ine ndimayesa timacheza. Nkhani ya moyo wako yokha ndiye unatuma munthu?"

"Ndimakupatsani ulemu, amalume."

"Ndikudziwa," anatero. "Mayi ako anakulera bwino. Koma zandiwawa."

Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo chibadwire, chifukwa ndinazindikira kuti ulemu wangawo unali ndi mantha mkati, ndipo mantha ndiwo anali ochuluka.

Titafika ku South Bend anaimitsa galimoto pakhomo panga, injini osazimitsa. Magalasi awo a kadamsana anali akadali m'thumba la malaya. Anawatulutsa, anawapinda bwinobwino, n'kuwaika m'kabokosi ka kutsogolo.

"Wina ngati ameneyu adzaonekanso liti m'dziko muno?"

"Papita zaka pafupifupi makumi awiri, amalume."

Ndinawaona akuwerengera zaka zawo chamumtima. Tsitsi lawo linali litayamba kale kuyera m'mbali.

"Chabwino," anatero. "Ndikadzakhala ndili moyo, mphindi yake udzandiuze wekha. Usadzatume munthu."