Chigubu Chagolide cha Amuna Anga

Ine ndine woimba. Ku Chilomoni kuno amandidziwa: ndimaimba pochapa, ndimaimba posesa, ngakhale kukalipa ndimakalipa moimba. Koma chaka chimene amuna anga anatisiya, pakamwa panga panatsekeka. Kulira ayi, kuimba ayi. Ndinkangokhala pakhonde, maso pa galimoto yawo.

Galimoto yake yoyera, yakalekale, ana a mumsewu ankati ndi gogo mnzanga. Inaima pansi pa mtengo wa mapeyala pomwe eni ake anaisiya. Kwathu katundu wa malemu sakhudzidwa mpaka abale atakhala pansi, ndipo abale anati tidzakhala pansi nthawi ya chiliza. Ine ndinamvera. Kiyi ndinamanga m'kansalu, kansalu m'sutikesi, sutikesi kunsi kwa bedi. Mwana wanga wamkazi, amene amadziwa chiwongolero, ankati, "Amayi, tiziiliza pang'ono chabe, ifatu iyi." Ine ndinkati, "Za bambo ako usakhudze." Mapeyala anagwera padenga pake, anaola, anauma. Nkhuku inaikira kunsi kwake mpaka kuswa anapiye. Miyezi khumi ndi umodzi, phee.

Chiliza chitayandikira, abale anabwera kudzakambirana. Anabweranso alamu anga a ku Bangwe, mng'ono wawo wa malemu, aja amalankhula ngati kondakitala wa minibasi. Anazungulira galimoto kawiri, anamenya tayala ndi nsapato.

"Alamu," anatero, "galimoto iyi si ya msinkhu wanu. Iyi imamwa oyilo wa mabwana, wa m'chigubu chagolide chija. Achimwene ankandiuza okha kuti ukaithira wamba, injini imafera pomwepo. Inu muutenga kuti? Tiipereke kwa ophwasula a ku Ndirande, nkhani ithe."

 Amene anayankha ndi atsibweni awo a malemu, nkhalamba ya ku Thyolo yosawononga mawu. "Kiyi atuluke. Ikalira, n'kukafika ku chiliza ndi matayala ake, ndi ya mayiwa. Ikakanika, ipite."

Chigubu chagolidecho panalibe amene sankachidziwa. Tsiku losintha oyilo amuna anga ankachitulutsa ngati mkwatibwi. Kuchipukuta ndi kansalu, kuchiika pamwamba pa galimoto kuti dzuwa lichiwombe, aliyense wodutsa aone. Ine ndinkawaimbira nyimbo yowaseka, yoti mkazi wamkulu adzola mafuta a m'kabotolo, mkazi wamng'ono, galimotoyo, amwa a golide. Iwo ankangomwetulira, mutu uli m'injini.

Ndinakachitenga kuseri kwa chitseko. Ndinachikhutchumula. Munali kadontho kokha, kolira ngati mate.

M'mawa mwake ndinachimanga m'chitenje, ndinakwera minibasi, ndinakalowa m'sitolo ya zipangizo za galimoto m'tauni. Zolemba za pachigubu sinditha kuwerenga zonse, ndiye ndinangochiika patebulo n'kunena kuti ndikufuna mnzake wa ichi. Mtsikana wogulitsa anatchula mtengo. Ndinamva, monga mmene umamvera mvula ikugwa padenga la eni. Sindinadzidzimuke, sindinanenerere. Ndinamanganso chigubu changa n'kutuluka.

Miyendo inanditengera yokha ku Ndirande, kwa amakaniko amene ankakonza galimotoyo zaka zonse. Bambo wachikulire, wa imvi zodetsedwa ndi girizi, amene pa maliro ananyamula nawo bokosi. Ndinawapeza atagona chagada kunsi kwa lole, miyendo yokha ikuoneka.

"Odi, abambo."

Anatuluka, anapukuta manja, anandipatsa mkono m'malo mwa dzanja chifukwa cha girizi. "Amayi athu! Mwatsika phiri lero? Khalani apa, pa tayalapa, mpando wa alendo ndi womwewu."

Ndinamasula chitenje. Atangoona chigubu, anayamba kuseka. Anaseka, anaseka, mpaka anagwira bondo, mpaka misozi. Kenako misozi ija inapitirira kuseka kutatha. 

"Pepani, amayi," anatero. "Chigubu ichi amuna anu anagula kamodzi kokha, chaka chimene munalandira mdzukulu woyamba. Kamodzi! Kuyambira pamenepo ankagula wamba, wa chigubu chotuwa, wotsekedwa bwino kusitolo. Ankabwera naye pano, pa tayala mwakhalapo, n'kumukhuthulira m'chagolidemo. Ine ndinkawagwirira fanulo."

"Chifukwa?"

"Alamu anu aja! Sabata iliyonse: achimwene ndibwerekeni, ndikatenge makala, ndikatenge mbuzi ku Lunzu. Ndiye abwana anati, ubwereke, koma ukabweza uthiremo wagolide. Kuyambira tsiku limenelo sanabwerenso."

Nkhani yotere kale ndikanagwa nayo pansi, ndikanaipekera nyimbo pomwepo. Tsiku limenelo ndinangoti, "Oo."

Ndinafunsa ngati oyilo wodulayo ndi bodza. Anati ayi, si bodza. Ndi wabwino, amapirira kutentha, amakhalitsa, ndipo galimoto zatsopano zina zimafuna yemweyo basi, buku lake likanena ndiye lanena. "Koma gogo mnzanuyu sasowa zimenezo. Iye amafuna wa kulemera koyenera, ndi kusinthidwa nthawi yake, pamodzi ndi fyuluta yomusefa. Abwana sankaphonya. Nambala ya makilomita ankalemba pakapepala, n'kumata pachitseko cha dalaivala. Chomwe ankadana nacho ndi oyilo uja woyezedwa m'mabotolo a madzi m'mbali mwa msewu, poti sudziwa wachokera m'mimba mwa ndani. Kodi mwakhala mukuiliza kangati pa sabata?"

Ndinati sitinaikhudze chichokereni eni ake.

Anagwira pakamwa. "Amayi inu! Chopha galimoto si oyilo wotchipa, ndi kukhala. Mwambo wa malemu ndi wa malaya ndi nsapato, injini sidziwa kuti pali maliro."

Anabwera Lachisanu, chiliza chili Loweruka. Anabwera pa kabaza, batire pamiyendo, chigubu chotuwa m'thumba la saka. Ndisanawalole kuyamba ndinati, "Dikirani." Ndinatenga zigubu ziwirizo kupita nazo kuseri kwa nyumba, pafupi ndi bafa. Amakaniko anabwera pambuyo panga osafunsa, n'kundigwirira fanulo. Oyilo ankatsikira m'chagolidemo pang'onopang'ono, wa maonekedwe a uchi.

Oyilo wakale wa m'injini anatuluka wakuda bii, wolemera ngati phula. Anasintha fyuluta, anapopa matayala, anachotsa zisa za makoswe, petulo wakale anamukhetsa. Atathira watsopano m'injini, chigubu chagolide chinakwera pamwamba pa galimoto, dzuwa linachiwomba, ndipo amayi oyandikana nafe anasiya kusinja n'kusuzumira pampanda.

Mwana wanga analowa. Miyendo yake sinafike. Mpando unali ukadali kumbuyo, pa muyeso wa miyendo ya bambo ake. Anakhala kaye, manja pachiwongolero, ndiye anandiyang'ana. Ndinagwedeza mutu. Anaukoka, unalira kuti kwee.

Kiyi koyamba, chete. Kachiwiri, inakhosomola ngati nkhalamba ya fodya. Kachitatu inalira, utsi kuti tolo, anapiye balala, amayi a kumpanda nthungululu. Ine ndinaima pomwepo. Ndinkayang'ana kapepala ka pachitseko, manambala a dzanja lawo, seveni wawo wodula pakati.

Loweruka tinanyamuka kutacha, ulendo wa ku Thyolo. Tinadutsa Limbe, tinadutsa Bvumbwe. Pa zitunda inkabuula, mwana wanga akuinyengerera, "Tiye gogo, tiye, usatichititse manyazi." Minibasi zinkatipitirira, makondakitala akutikuwiza kuti ikankheni. Koma inakwera. Minda ya tiyi inayamba kuoneka, yobiriwira monga mwa masiku onse, ngati palibe amene anamwalira.

Kumanda amayi anaimba nyimbo zimene kale ndinkayambitsa ndine. Mmodzi anandigunda ndi chigongono kuti nditsogolere. Ndinatsegula pakamwa, panatuluka mpweya wokha. Anachotsa nsalu pachiliza, ndinaona dzina la amuna anga, lomwe ndimatha kuwerenga lonse.

Titadya, abale anakhala pansi pa mtengo. Alamu anga anapita ku galimoto, anagwira boneti ngati akuyesa mwana malungo.

"Yafikadi. Ndiye mwathiramo chiyani, alamu? Musandiuze kuti wa m'mabotolo a madzi."

Ndinadzuka, ndinatsegula kumbuyo. Chigubu chinali pakona, chopukutidwa bwino. Alamu anachinyamula, anachikhutchumula, oyilo wotsala analira m'katimo. Anaimba mluzu.

"Eee, azimayi a m'tauni! Ndiye muzikwanitsa nokha, ine musadzandiitane."

Atsibweni anati, "Mwamva nonse. Ndi ya mayiwa."

Amuna anga anasunga chinsinsi chimenechi kwa ine zaka zonsezo, akundilola kuwaimbira nyimbo yowaseka. Mwina ankadziwa kuti pakamwa pa woimba sipasunga kanthu. Chaka chimenecho panasunga.

Pobwerera, galimoto ikutsetsereka yokha, mwana wanga anati, "Amayi, mukung'ung'udza."

"Ine? Ndi injini."

"Ndi inu. Ya mkazi wamng'ono ija."

Ndinamvetsera. Inalidi ine, koma patali, ngati wailesi ya nyumba yachitatu. Mawu ake sanabwere. Ndinamuuza kuti tikafika alembe nambala yatsopano, amate pansi pa ya bambo ake, yawoyo asachotse.