Mayi Dailes Anakana Mfumukazi

Nthawi ili cha m'ma seveni koloko m'mawa, dzuwa layamba kale kuluma, ndipo Mayi Dailes akumwaza usipa pathandala lawo kudoko la kuno ku Senga Bay. Thandala limeneli ndi lomwe limadyetsa ndi kuphunzitsa ana awo atatu. Chaka chatha linatsala pang'ono kuwapulumuka m'manja.

Mayiwa kwawo ndi ku Chitala, kumene anthu amadziwa chimanga osati nsomba. Kunyanja anabwera pa chitengwa, atakwatiwa ndi a Jailosi, msodzi. Anavutikira limodzi mpaka bambowo anagula injini ya boti. Injini itangolira, mutu unakula. Anakatenga Tikondwe, mtsikana wogulitsa mandasi, n'kusamukira kwa iyeyo.

Asodzi akuno masana amakhala pansi pa mtengo wa mango kusewera tchesi. Pamasewerawa, msilikali, kachidole kakang'ono kuposa tonse, akafika kumapeto kwa bolodi amasanduka chimene mwini wake wafuna, ndipo aliyense amathamangira mfumukazi poti ndiyo yamphamvu. Tsiku lina Mayi Dailes akudutsa pamenepo ndi beseni pamutu, anamva a Jailosi akuuza anzawo kuti, "Ngakhale patchesi, munthu ukafika patali umatenga mfumukazi yachiwiri. Ndalakwa chiyani ine?"

Anthu anaseka. Mayiwo sanacheuke, koma mawuwo anawabaya ngati munga wa mlamba.

Anapita kwa a Sidiki, mkulu wosoka maukonde amene ankadziwa tchesi kuposa onse, atanyamula mbale ya usipa. "Bambo, sindikufuna kukhala katswiri ayi. Mundiphunzitse zongokwanira kugwetsa munthu mmodzi."

A Sidiki anaika ukonde pambali. "Mwana wanga, mkwiyo umathamangitsa dzanja. Khala pansi."

Nyengo yonse ya mwera, nsomba zitasowa, ankaphunzira kuseri kwa nyumba ya a Sidiki. Chimene mkuluyo ankabwereza mpaka kutopetsa ndi ichi: mfumu ya mnzako ikakhala kuti sukuiopseza, koma ilibe popondera ndipo mwini wake alibe chidole china chosuntha, masewera afa, palibe wopambana. "Usanagwire chidole, uziyamba waona ngati mfumuyo ili ndi kolowera."

Usipa utabwerera, a Jailosi anafika pathandala atagwira m'chiuno. "Amake Mose, muchotse nsomba zanuzi. Nsungwi izi ndinagula ndine. Tikondwe akufuna kuyamba geni."

"Nanga anamanga ndani, bambo a Mose? Anadula bango ndani?"

"Zimenezo sindikudziwa."

"Chabwino. Tiyeni pabolodi lanu lija, pamaso pa anzanu omwe aja. Likatiweruze."

A Jailosi anaseka mpaka kutsokomola. "Inu? Ndavomera. Koma mumvetse: mukapanda kundigonjetsa, ngakhale tifanane mphamvu, thandala ndi la Tikondwe."

Masana amenewo pansi pa mango panadzaza. Amayi anasiya mabeseni, Tikondwe naye anaima kumbuyo kwa mwamuna wake. Poyamba a Jailosi ankasewera akuimba mluzu. Mluzu unatha atataya chidole cha hatchi. Anadyerana zidole mpaka bambowo anatsala ndi mfumu yokha, itapanikizika m'mphepete mwa bolodi, pomwe mayiwo anali ndi mfumu ndi msilikali mmodzi. Msilikaliyo anakwawa, anakwawa, mpaka anaponda mzere womaliza.

A Jailosi anatola okha mfumukazi imene anali ataidya kale, n'kuipereka akumwetulira. "Nayi mfumukazi yanu, amake Mose. Nanunso mulaweko kukoma kwake."

Dzanja la mayiwo linali litanyamuka kale. Ankaifuna. Ankafuna kuimenyetsa pabolodi kuti doko lonse limve. Koma munthu amene akugonja samwetulira chotero. Anabweza dzanja, n'kuyang'ana mfumu ya a Jailosi. Mfumukazi ikanaima pamenepo ikanatseka njira zonse popanda kuiopseza mfumuyo. Masewera akanafa, thandala likanapita.

"Mfumukazi sungani, bambo a Mose, inu ndi amene mumazikonda. Ndipatseni kansanjako."

Kansanja ndi chidole chooneka ngati nkhokwe, chimene chimayenda molunjika basi. Chinasiya kampata kamodzi kokha. A Jailosi anakanda ndevu. Panalibe kuchitira mwina, mfumu inalowa pakampatapo. Mayi Dailes anakankha kansanja pang'onopang'ono mpaka pangodya, osachotsa maso pankhope ya bambowo.

"Yafa," anatero.

Wina mwa asodzi anati, "Achimwene, injini yazima," ndipo phwete la kuseka linamveka mpaka kumaboti. A Sidiki anangoweramira paukonde wawo. Tikondwe anali atachoka kale.

Kuyambira tsiku limenelo a Jailosi sakhalanso pansi pa mango. Akamatsika kudoko amazungulira kuseri kwa mathandala a anthu ena, koma Mayi Dailes amawaona ndithu, ndipo amakweza mawu: "Mwadzuka bwanji, akatswiri?" Mayiwo tchesi sanasewerenso. Akuti ntchito imene anaiphunzirira inatha.

Ine ndimagula usipa kwa mayiwa n'kumakagulitsa ku Salima boma. Nditawauza kuti ndikufuna kulemba mbiri yawo, anandithandiza kumanga bwino mwana kumsana, kenako anandigwira pamkono.

"Lemba, mwana wanga. Koma dzina la a Jailosi usalibise, ndipo usakalembe zoti ndinawakhululukira. Ukamaliza ubwere udzawerengere panopa mokweza, nthawi imene maboti akukocheza."