Mawaya Awiri Opotana

Thirakitala yatsopano itafera pakati pa munda wa tiyi, ngolo itadzaza masamba, anatuma ine. Ndinali nditangoyamba kumene ntchito ya zamagetsi pagalaja ya esiteti, mkazi ndekha pakati pa amuna. Ndisananyamuke, amanijala ananeneratu kuti ngati pali wina waigwiragwira, ntchito yake yathera pomwepo.

Adalaivala ndinawapeza atatsamira tayala, chipewa chili m'manja. Anali bambo wachikulire, woti anayamba kuyendetsa mathirakitala ine ndisanabadwe. Azimayi otchola tiyi anaima chapatali, maso ali pa ngolo, poti masamba akakhalitsa padzuwa amapsa ndipo kufakitale amawakana.

Makina a masiku anowa ndi olongolola, ndikuuzeni. Injini ili ndi kakompyuta kake, magiya ali ndi kawo, dashibodi nayo kake, ndipo tonseto timayankhulana kudzera m'mawaya awiri okha, wachikasu ndi wobiriwira, opotana ngati chingwe cha mbuzi. Kupotanako n'kwadala, kuti magetsi ena oyandikana nawo asasokoneze uthenga. Kumapeto konse kuwiri kuli karezisita, kachipangizo kochepetsa mphamvu ya magetsi, ndiye ukachotsa batire n'kuyeza pakati pa mawayawo, mita imayenera kuonetsa 60. Yanga inaonetsa zopanda mutu.

Ndinawatsata mawayawo mpaka pansi pa mpando. Mayo ine! Munthu anawamasula, kuwasenda ndi lezala, n'kulumikizapo soketi yotchajira mafoni. Tepi anakulunga mwaudongo ndithu, zimenezo sindingawanamizire. Pambali pake panali jumbo lodzaza mafoni.

Mtima unandipsa. "Bambo, mwatani apa? Awatu si mawaya a moto, ndi a uthenga! Mwaitseka pakamwa thirakitalayi."

"Mwanangu," anayankha osandiyang'ana, "pa thirakitala yakale ija ndinkangogwira waya aliyense, moto n'kubwera. Kumalayini komwe timakhala kuja kulibe magetsi. Azimayiwa akatchaje kuti?"

Ndinakhuthula jumbolo pampando, ndili wolusabe, kuti ndikhale ndi umboni wokaonetsa kuofesi. Foni imodzi ndinaizindikira nthawi yomweyo, yong'aluka kumbuyo, yomangidwa ndi labala wofiira. Inali ya amayi anga, omwenso amatchola tiyi pa esitetipo. Zaka zonse zomwe ndinali kusukulu ya zamagetsi, ankandiimbira Lamulungu lililonse kufunsa ngati ndadya. Ine ndi kuphunzira kwanga konseko sindinafunsepo kuti moto wa foniyo ankaupeza kuti.

Ndinachita manyazi, osati pang'ono. Ndinadula malo osendekawo, kulumikiza bwinobwino, kuwotcherera, n'kuwapotanso mawayawo monga analili. Mita inati 60. Batire itabwerera, thirakitala inalira, azimayi aja n'kuimba nthungululu. Soketi ija sindinaitaye. Ndinaikokera waya wakewake kuchokera kubatire, ndi fyuzi yake, kutali ndi awiri aja.

"Apa tchajani mmene mungathere," ndinawauza, "koma wachikasu ndi wobiriwirayo, chonde bambo, ngakhale kuwayang'ana kokha ayi."

Anangogwedeza mutu, n'kuvala chipewa, ulendo wakufakitale.

Nditabwerera kugalaja amanijala anali akudikira pakhomo. "Chinali chiyani?"

"Makoswe, bwana. Anatafuna waya."

Ndinanama, inde, ndipo mpaka lero sindinalape. Amanijala anagula mankhwala a makoswe, adalaivala n'kugwirabe ntchito yawo mpaka kupuma.

Ndikuweruka tsiku lomwelo, foni yanga inalira m'thumba la ovolosi. Anali amayi, moto uli wodzaza, akufunsa ngati ndadya.