Mulu wa Dothi Kuseri kwa Nyumba

Chitinicho chinali cha saladi, mafuta ophikira, cha malita asanu, chodulidwa pamwamba. Amalume anachiboola kunsi ndi msomali, timabowo tambirimbiri, n'kumangirira waya kuti ndizigwirira. Ukachimiza m'ndowa n'kuchikweza, madzi ankatuluka ngati mvula yamawawa, osakumba pansi. Anandipatsa tsiku limene anamaliza kuthira silabu ya konkire pabwalo pathu ku Kasanda, ndipo ndinachilandira ndi manja awiri. Ndinali ndi zaka khumi, ndipo kufikira tsiku limenelo zida zimene akuluakulu ankandipatsa zinali tsache ndi mphika basi.

Silabuyo inabwera chifukwa cha mlongo wanga wamng'ono. Anali ndi zaka zitatu, koma mawu amene ankatha kutchula sankakwana khumi, ndipo ankadya dothi. Ukangocheuka pang'ono, iye watola kale chibuma, kukamwa kuli bii. Chaka chimenecho anesi a kukiliniki ankatenga magazi a ana aang'ono a m'komboni, ndipo amayi atapita kukamva zotsatira anabwera nkhope ili yakugwa. Anakhala pakhomo osavula nsapato, n'kubwereza zimene anauzidwa: "Uyu mwana ali na ledi yambili mu magazi. Musamulekelele kusewela mu dothi." Ledi ndi mtovu umene mgodi wakale unasiya m'nthaka ya kwathu. Mgodiwo unali utatsekedwa kale, koma fumbi lake tinkalipeza pamawindo, pambale zoyanika, ngakhale m'mano mphepo ikawomba. Ndiye mwana wa ku Kasanda akanasewera kuti? Bwalo lathu linali dothi, msewu dothi, ndipo udzu umene amayi anayesa kubzala unauma usanagwire n'komwe.

Bambo ankalondera pafamu ina cha ku Mkushi ndipo ankabwera kamodzi pamwezi, choncho zapakhomo ankagamula ndi amayi. Anaganiza zophimba bwalo lakutsogolo ndi konkire, kenako n'kuimikapo mitengo ndi malata kuti pakhale shedi. Mwana azikhala pamthunzi pamenepo, dothi osaliona. Amayi ankagulitsa kapenta ndi nyemba pamsika, ndipo simenti ankagula thumba limodzilimodzi n'kumasunga kunsi kwa bedi. Kwa miyezi inayi tinkagona m'fungo la simenti. Matumba atakwana, anatumiza uthenga ku Bwacha kwa mlongo wawo.

Amalume ntchito yawo inali yomweyo. Ankathira masilabu a mashedi a chimanga m'mafamu, a makola a nkhuku, a timagolosale ta m'makomboni. Anali munthu wamfupi, wa manja ong'ambikang'ambika, wosatha kukhala chete. Ukamayenda nawo mumsewu ankaima pakhomo pa eni ake n'kumaloza ming'alu ya pakhonde. "Ona, aya ni mabisiketi," ankatero, mwini nyumba ali pomwepo akumva. Anthu ankawakhululukira chifukwa silabu yawo inalidi yosang'ambika, ndipo iwo ankadziwa zimenezo mopitirira muyeso. Ine ndinkawakonda kwambiri.

Anayamba ntchito patchuthi cha Ogasiti, nyengo ya mphepo. Anakhoma zikhomo, anakoka chingwe, anayeza makona kawirikawiri akung'ung'udza nyimbo ya m'buku la tchalitchi. Kenako anayamba kukumba. Anandifotokozera kuti dothi lapamwamba ndi lofewa, silinyamula silabu, liyenera kuchoka lonse mpaka ufike polimba. Anakumba masiku awiri ndi piki ndi fosholo, fumbi lili koboo, ine ndikuwerenga mawilibala. Dothi lonselo ankakalikhuthula kuseri kwa nyumba, pakati pa khoma ndi mpanda, mpaka unakhala mulu wondifika pachifuwa. "Tizachosa pambuyo," anatero, akupukuta thukuta ndi chipewa.

Ndaganizapo zaka zambiri za mawu amenewo. Dothi limene tinkalithawa ndi lomwelo tinalifewetsa ndi piki n'kuliunjika pamalo amodzi, losalala bwino, lopanda mwala. Amayi anali pamsika kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Amalume maso awo anali pachingwe ndi levulo yawo yoyezera. Masiku ambiri sindiwaimba mlandu, koma masiku ena ndimawaimba, ndipo sindibisa.

Tsiku lothira linali ngati la chikondwerero. Amalume anali atayala kale zidutswa za njerwa n'kuzisinja ndi chipika, pamwamba pake pepala lakuda la pulasitiki ndi waya, m'mbali matabwa. Anabwera ndi azibambo awiri a kutchalitchi kwathu kudzathandiza kusakaniza. Ndimakumbukira kulira kwa fosholo pamiyala, fungo la simenti yonyowa loluma m'mphuno, ndi mmene konkire inkatsikira m'wilibala mwaulesi. Amalume ankakoka thabwa lalitali pamwamba, uku akugwedeza, madzi n'kumatuluka akuwala. Atasalaza komaliza anaimirira, anagwira msana, n'kundiitana.

Apa ndi pamene anandipatsa chitini chija, pamodzi ndi lamulo. Silabu yatsopano imafuna madzi. Ikauma msanga ndi dzuwa ndi mphepo imang'ambika, ndipo ming'aluyo sitsekeka. Mawa lake tinayenera kuiphimba ndi masaka, ine ndizinyowetsa masakawo m'mawa, masana ndi madzulo, kwa masiku asanu ndi awiri. "Osaponda munthu apa, olo nkhuku. Ikang'ambika ni iwe." Madzulo omwewo amayi anandipatsa lawo lamulo, lalifupi: "Mwana asagwile dothi. Wamvela?" Ndinavomera onse awiri. Akuluakulu amati mapanga awiri avumbwitsa, koma ine ndinkangoona kuti anthu awiri andikhulupirira tsiku limodzi.

Mpope unali kutali, kudutsa mizere itatu ya nyumba, ndipo pankakhala mzere wa zigubu. Kunyowetsa masaka onse kamodzi kunkafuna ndowa zinayi. Tsiku loyamba ndinamubereka mlongo wanga ulendo uliwonse, ndowa pamutu, iye kumsana akundikoka tsitsi. Ndikamutsitsa ankathamangira pasilabu, poti panali pozizira, ndipo ndikamuchotsa ankadzigwetsa pansi n'kulira mpaka kubanika. Ndinayesa kumutsekera m'nyumba, koma anamenyetsa mutu kuchitseko mpaka mayi a nyumba yoyandikana nafe anandikalipira. Tsiku lachiwiri khosi langa linali litauma, ndipo mphepo inkaumitsa masaka ndisanabwere n'komwe kumpope. Ndinamutsina pantchafu tsiku limenelo, ndipo mpaka lero ndimachita nazo manyazi.

Tsiku lachitatu anasowa. Ndinamufuna m'nyumba, kuchimbudzi, mumsewu, mtima uli m'mwamba, mpaka ndinamupeza kuseri, atakhala pamwamba pa mulu uja. Anali atatenga sipuni ya amayi, akukumba timaenje, akudziyankhulira chinenero chake. Sindinamuonepo ali wokondwa chotero. Ndinaima n'kumuyang'ana, ndowa ili m'manja. Ndinkadziwa. Mawu a anesi ndinawamva ndi makutu anga amayi akuwabwereza, lamulo la amayi ndinalivomera ndi pakamwa panga. Koma dothi ankadya kuyambira kale ndipo ndinkamuona akuyenda bwinobwino, pamene mng'alu ukanaoneka kwa aliyense wodutsa mumsewu, ndipo amalume akanauloza. Ndinamusiya pomwepo n'kupita kumpope.

Kuyambira apo ntchito inayenda. M'mawa amayi akangochoka, iye ankapita yekha kumulu, ine kumadzi. Dzuwa likapendeka ndinkamutsitsa, n'kumusambitsa m'manja ndi kukamwa, kumutokosa m'zikhadabo ndi kamtengo, n'kumuveka malaya ena. Amayi ankapeza mwana woyera, wotopa, wofuna kugona. Amalume ankabwera panjinga akaweruka, n'kukweza saka limodzi, kukanda konkire ndi msomali, kenako n'kundigwira pamutu. "Uyu ndiye enjiniya wanga," ankauza amayi. "Anyamata ba ku Bwacha sangacite so." Ine mtima unkachita kuti myaa, ndipo ndinkagona ndikuwerenga masiku otsala.

Tsiku lachisanu mwana anakana chakudya ndipo ankagwira pamimba. Amayi anati mwina ndi njoka za m'mimba, Loweruka akagula mankhwala. Tsiku lachisanu ndi chimodzi, dzuwa lili paliwombo, ndinabwera ndi ndowa yachitatu n'kumva kuseri kuli zii. Ndinamupeza atagona chagada m'munsi mwa mulu, masanzi pachifuwa, manja ndi miyendo zikugwedezeka zokha, maso atatembenuka. Ndinamuitana dzina, osayankha. Ndinathamangira kwa mayi oyandikana nafe aja, ndipo iwo sanafunse kanthu: anamunyamula, anamukulunga m'chitenje, n'kuthamangira kumsewu waukulu akufuulira mwana wawo wamkulu kuti akaitane amayi kumsika. Ndinatsala ndekha pabwalo. Ndinalira pang'ono, kenako ndinaona kuti masaka a kukona ayamba kuyera, ndipo ndinawathira madzi.

Amayi anakhala kuchipatala ndi mwana masiku asanu ndi anayi. Ine ndinkagona kwa oyandikana nafe. Bambo anabwera, anagona kuchipatala komweko masiku awiri, n'kubwerera kufamu. Amalume anafika tsiku lachisanu ndi chiwiri kudzachotsa matabwa. Sanaimbe, sanakande ndi msomali. Anazungulira kuseri, anayang'ana mulu wodzaza timaenje, anaima nthawi yaitali manja ali m'chiuno. Anangoti akafunafuna ngolo yochotsera dothilo, n'kukwera njinga yawo osamwa ngakhale madzi.

Mlongo wanga sanafe. Lero ndi mwamuna wamtali kundiposa, amakhala ndi ine, ndipo amasesa pakhomo panga mosamala kuposa munthu aliyense. Sukulu anaisiyira giredi yachitatu, aphunzitsi atatopa kumubwezera kalasi yomweyo. Sangakwere minibasi yekha. Nditakula ndinafunsa anthu odziwa zachipatala, ndipo onse anandiuza chimodzimodzi, kuti mtovu umaunjikana m'thupi pang'onopang'ono, kuti iye anayamba kuumeza asanayambe kuyenda, kuti sabata imodzi siingasenze mlandu wonse. Ndimawakhulupirira. Koma palibe amene anandiuzapo kuti sabatayo sinawonjezere kanthu, ndipo ine ndinasiya kufunsa.

Amayi anabwera Lachiwiri m'mawa, mwana ali kumsana, atawonda onse awiri. Ine ndinali nditasesa silabu kawiri. Sindinadikire kuti atule katundu. Ndinawakoka dzanja kuti aone makona onse anayi, aone kuti palibe mng'alu ngakhale wonga tsitsi. Anayang'anadi. "Wacita bwino, mama," anatero, ndi mawu a munthu amene sanagone. Anayala mphasa pakati pa silabu, anakhazikapo mwana, n'kupita kuseri kwa nyumba. Ndinawatsatira.

Anaona timaenje tija. Anawerama, anatola sipuni yawo imene inali itakwiririka theka, anaipukuta pachitenje. Anandifunsa osandiyang'ana: "Anali kusewela apa?" Ndinati pang'ono chabe. Ndinadikira mbama, ndipo kunena zoona ndinkaifuna, koma sinabwere. Anangotenga beseni lalikulu lochapira ndi khasu, anadzaza dothi mpaka kusefukira, anadzisenzetsa okha, n'kulunjika kugeti.

Pageti anaima. Kumanja, m'ngalande youma imene anthu ankatayamo zinyalala, ana anayi ankayendetsa galimoto za mawaya. Kumanzere, pamalo opanda nyumba, atsikana ankasewera waida, ndipo kamwana ka mayi amene ananyamula mlongo wanga kankakwawa pambali pawo, matako pamtunda. Kutsidya kwa msewu mwana wina anali atakhala pansi, chala m'kamwa, akuwayang'ana. Amayi anatembenukira uku, anatembenukira uko, beseni lili pamutu, khosi likunjenjemera. Anaima choncho nthawi yaitali, mpaka mphepo inayamba kuulutsa dothi lapamwamba, iwo n'kuliphimba ndi dzanja. Kenako anabwerera. Anadutsa pambali pa silabu, anafika kuseri, anagwada, n'kukhuthula dothilo pang'onopang'ono pamulu pomwe analitenga.

Ine ndinaganiza kuti beseni lawalemera, popeza anali asanadye. Ndinathamanga kukatenga ndowa yanga n'kuwauza kuti achepetseko, tigawane, ine ndikudziwa malo ambiri otayira. Amayi anandiyang'ana, misozi italengeza m'maso, n'kundifunsa kuti, "Kuti, mwana wanga?" Ndinayamba kuwatchulira malowo limodzilimodzi, ndikuloza ndi chala, ndipo ndinadabwa kuti bwanji sakunyamuka.