Mawu Osasa a Madamu Lizzie

Mwana wanga Rizwan atayamba Sitandade 1, chinandisowetsa mtendere ndi khosi lake. Posewera mpira ankakuwa mpaka Zolozolo yense kumva. Koma akangotsegula buku, mawu aja ankasasa: "Ba, be, bi, bo, bu," ngati nkhalamba yodwala chifuwa. Ndinamuphikira jinja ndi mandimu, ndinamuveka majuzi awiri, poti ife a ku Machinga kuzizira kwa Mzuzu sitinakuzolowerebe. Koma ayi ndithu.

"Iwe, tawerenga bwinobwino! Ukuchita dala eti?"

"Amayi, kuwerenga kwake n'komweku," anandiyankha, maso ali gwa.

Ine ndine wamtima wapachala, sindibisa. M'mawa mwake ndinatseka okala yanga n'kuuyamba wa kusukulu, mvula ili waa, kuti ndikamuone amene akundiwonongera mwana.

Ndinaima pakhomo la kalasi. Ana oposa zana anali atathithikana pa simenti, mvula ikumenya malata moti sungamve ngakhale mnzako wapafupi. Kutsogolo kunali mayi ochepa thupi, atakulunga mpango m'khosi, manja ali mbuu ndi choko. Analoza pa bolodi n'kunena, "Ma." Mawu awo anali osasa, otuluka mochita kukoka. Ndiye ana onse aja, mosasa chimodzimodzi: "Ma!" Abale inu, mkwiyo wanga unathera pompo. Ndinangogwidwa manyazi.

Amenewo ndiwo Madamu Lizzie. Kwawo ndi ku Ntchisi. Boma linawatumiza kuno ali mtsikana, ndipo chiyambire ntchito sanachokepo mu Sitandade 1, kalasi yomwe anzawo amaithawa. Ana ambiri amabwera akudziwa Chitumbuka chokha, pomwe buku lili m'Chichewa, pensulo n'kumaigwira ngati mthiko. Madamu ankagwira dzanja la mwana aliyense n'kulemba naye pamchenga. Liwu limodzi ankalitchula kambirimbiri, kuliimba nyimbo, kuliwombera m'manja, mpaka lilowe m'mutu. Chaka chikatha, kubwera ena, kuyambiranso pa "a". Amuna awo anamwalira kalekale, ndipo tsiku lililonse ankayenda wapansi kuchokera ku Masasa, nsapato zili matope okhaokha.

Pa buleki ndinawapatsa moni n'kuwafotokozera za jinja uja. Anaseka mopanda phokoso mpaka kupukuta misozi.

"Pepani, amake Rizwan," ananong'ona. "Kuchipatala anandiuza kuti ndikapitiriza kukuwa, mawuwa apita osabweranso. Ahedi akufuna ndizikasamala mabuku ku ofesi."

"Nanga mukudikira chiyani, Madamu? Khosi n'lanu ilo!"

"Ndatopa, mayi, ndatopa chomene. Koma anawa angoyamba kumene maphatikizo. Ndikawasiya pano awagawa m'makalasi odzaza kale, ndipo amanyaziwa palibe adzawaone. Ndingofika nawo powerenga mawu athunthu basi."

Ndinawakalipira ngati achemwali anga enieni. Ndinawauza kuti ana satha, mawa kubwera ena, koma khosi ndi limodzi. Anangogwedeza mutu n'kutola choko. Mayi amenewa ndi amakani, ndipo anandikwiyitsa zedi. Chomwe ndikanatha ndi kuwatumizira jinja wotentha m'fulasiki m'mawa uliwonse. Tikakumana panjira ankandipatsa moni wa kuno wakuti "yewo", kenako yewoyo anayamba kumangooneka pamilomo, osamveka.

Anafika nawodi. Chakumapeto kwa chaka, Rizwan anatenga paketi pa shelefu ya mu okala n'kuwerenga yekha, pang'onopang'ono, mosasa: "M-che-re." Ndinalulutira mpaka makasitomala kudabwa.

Sukulu zitatsegulidwanso ndinawapeza Madamu Lizzie ku ofesi, akumata mabuku ong'ambika. Mawu sanabwerere. Akafuna kuitana munthu amagogoda tebulo. Kalasi yawo ija ili kuseri kwa khoma lomwelo, ndipo ndinaona milomo yawo ikutsatira ana atsopano akamati a, e, i, o, u. Ndinatuluka msanga, chifukwa misozi inali pafupi.

Pano Rizwan ali Sitandade 2. Aphunzitsi ake ali ndi mawu ngati wailesi, koma iye akakhala pakhonde ndi buku amasasabe mawu. Tsiku lina bambo ake, a Maulidi, zinawakwana.

"Amake Rizwan, mwanayu muletseni. Azidzawerenga chonchi mpaka liti?"

"Musiyeni," ndinatero. "Mawu a Madamu Lizzie atsala pokhapa."