Mwendo Wosadandaula wa Ba Foster

Ba Foster Chimwaza a ku Nangongwe, m'tauni ya Kafue, akamafotokoza za miyendo yawo amayamba ndi kuseka, ndipo amene amamuseka ndi iwo eni. Bambo awo anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito ya njanji ku Kafue, n'kuwaika pa sukulu ya mishoni. Kumeneko anaphunzira kuti mwamuna wolongosoka salira, safunsa kawiri, ndipo akafunsidwa za moyo amati ali bwino. Anagwira ntchito m'stolo ya fakitale ina mpaka pamene inachepetsa antchito. Ndiye anagula njinga. M'mamawa ankapalasa ulendo wa ku Chanyanya kukapikula nsomba kwa asodzi, mkazi wawo Anastazia n'kumazigulitsa pa kathebulo m'mbali mwa msewu.

Ngozi inabwera mu Okutobala. Anakwera padenga la tchalitchi kukakhoma malata mvula isanayambe, anzawo ali pansi kuwauza kuti msinkhu wawo si wa padenga ayi, atsike. Anatsikadi, koma chagada, n'kugwera pa chitsulo chosongoka chimene chinawabaya kumsana, mbali ya kumanja.

Atatuluka m'chipatala anapeza kuti miyendo yawo yasiyana khalidwe. Wakumanja unali wofooka, wochita kukwakwaza, ndipo akapanda kuuyang'ana sankadziwa pamene waponda. Koma kaminga kakangoukanda unkalira ngati mwana. Wakumanzere unali wamphamvu, ndipo sunkamva kuwawa n'komwe. Dokotala anafotokozapo za zimenezi m'Chingerezi chothamanga. Ba Foster anagwedeza mutu monga ankachitira m'kalasi akapanda kumva, nabwerera kwawo ndi maganizo awoawo: mwendo wina ndi waulesi, wina ndi wamakhalidwe.

Chimene chinkawasowetsa mtendere chinali njinga. Boma limatseka usodzi kuyambira Disembala, n'kutsegula pa 1 Malichi. Anastazia ananeneratu kuti tsikulo likadzafika iwo asanayambe kupalasa, njinga idzapita kwa mchimwene wake Lastone, chifukwa thebulo silingakhale lopanda nsomba. Lastone anali munthu wansangala, koma wilibala imene anabwereka chaka chatha inabwerako yopanda wilo.

Tsono panafunika kufulumiza mwendo waulesiwo. Lachiwiri lililonse ankapita kwa ba Choolwe, mayi wophunzitsa odwala kuyenda, koma njira yake ankaiona yochedwa. Kunyumba Anastazia anayamba kuwathowa monga amachitira mwana wawo Daliso kapena aliyense akabinya: madzi otentha m'beseni, nsanza, n'kumasindikiza pamnofu.

"Amake Daliso, munisosola monga nkhuku?" anakuwa ba Foster nsanza itangokhudza mwendo wakumanja.

"Khalani chabe zii, imwe. Manzi yozizila siyapolesa munthu."

"Aya ni ya tiyi, si ya munthu!"

"Ndiye muzizithowa mweka, bashi Daliso, ine nili na nchito."

Ba Foster anavomera mwaulemu wonse. Loweruka masana, mkazi wawo ali kumsika, anateleka ketulo pambaula nakhala pakhonde. Anaganiza mozama, monga munthu wopita kusukulu. Mwendo wakumanja ndi wamantha, umboni wake sungadalirike. Woyenera kuyesa madzi ndi wakumanzere, umene sunanamepo. Anauviika m'beseni. Anamva madzi akukhudza khungu, koma kutentha ayi. Anathira a m'ketulo. Mwendo uli phee. Anathiranso, akung'ung'udza kuti makala a masiku ano alibe moto, nthunzi ili tolotolo pamaso pawo. Nthunziyo anaiona ndithu, koma anasankha kukhulupirira mwendo.

Anastazia anawapeza atakhala mwaufumu, phazi lili m'beseni.

"Mayo ine! Chosani mwendo!"

"Manzi yakalibe kupya," anayankha modekha.

Mayiyo anakankha beseni ndi phazi, madzi n'kukhuthukira pamaluwa. Phazi la ba Foster linali psuu, ndipo pofika pamsewu kukakwera minibasi matuza anali atatukuka mpaka m'kakolo.

Kuchipatala analitsuka n'kulimanga. Lachiwiri ba Choolwe anayang'ana bandejiyo nthawi yaitali, kenaka anawatembenuza n'kuwayendetsa chala pamsana.

"Ba tate, mukati mwa fupa ili muli nthambo yamene itenga mauthenga. Uthenga wakuti mwendo uyende uchoka ku mutu, useluka mbali yamene kuli mwendo uja. Mwamvela?"

Anagwedeza mutu.

"Osagwedeza chabe. Kambani."

"Namvela, ba sisita."

"Manje uthenga wa kubaba na kupya ukachoka ku mwendo, ukangongena mu musana uwolokela mbali inangu, ndiye ukwela. Nsimbi ija inakulasani inajuba nthambo, kuidula mbali ya kumanja. Yajuba mphamvu ya mwendo wa kumanja, yajubanso kubaba kwa mwendo wa kumanzele. Uyu mwendo unakuwa, ba tate. Uthenga siunafike chabe."

"Ndiye si kulimba mutima?"

"Kulimba mutima kwa chani? Ni nthambo yojubika."

Ba Foster amati chilonda sichinawapweteke, popeza sichikanatha, koma mawu amenewo anawapweteka. Miyezi yonseyo ankautama mwendowo kwa alendo kuti unatengera iwo.

Phazi lopsa silichedwa kuola ngati mwini wake salimva, choncho ba Choolwe anawaletsa kuliponda. Wakumanja pawokha sukanatha kuwanyamula. Januwale ndi Febuluwale anathera pampando, phazi lili pamtsamiro, m'mawa uliwonse akuliyang'ana kunsi kwake ndi kagalasi ka Anastazia, popeza maso ndiwo anatsala kuti awauze zoona. Zolimbitsa mwendo zinabwerera pachiyambi.

Pa 1 Malichi Lastone anafika kusanatenthe, atavala chipewa chatsopano.

"Ba mulamu, muli shani? Namvela munaphika supu ya mwendo!"

"Tinaphika, mulamu. Inasoba chabe mucele."

Anastazia anatulutsa njinga, dengu lili kale pakaliyala. Ba Foster anaitanitsa kansalu, naipukuta mpando ndi mahandulo ali chikhalire, kenaka anaikankhira kwa mlamu wawo osamuyang'ana. Lastone anakwera mwachinyamata, nayamba kutsetsereka kulunjika kumsewu, akuliza belu kwa aliyense.

"Lastone!" anakuwa ba Foster. "Buleki ya kumbuyo siigwila!"

Lastone anakweza dzanja osacheuka, nakhota pa ngodya.